Apu ya mtedza imene inandichotsa pa ukamwini

Ndinakwatira ku Dzoole ndipo ndinakhala kwawo kwa mkazi wanga zaka zisanu ndi zitatu. Kwathu ndi ku Ntchisi, kuseri kwa mapiri, koma nyumba ndinamanga kuchikamwiniko, njerwa ndinaumba ndekha, ana athu awiri anabadwira momwemo. Amene sanakhalepo pa ukamwini sangamvetse zimene ndikunena. Umadya, umaseka ndi alamu, pamaliro umatema nawo nkhuni, koma tsiku ndi tsiku pali maso amene amayeza mizere yako. Munda ndi wa mkazi, ana ndi a mbumba ya mkazi. Chako ndi khasu ndi msana wako basi.

Khasu silinkandiopsa ine. Chimene chinandisokoneza mutu ndi chaka china chimene fodya sanayende bwino, ndiye ndinayamba kupalasa njinga kukagulitsa kabichi ku Dzaleka tsiku la msika. Kumeneko ndinaona kachipinda kena anthu atadzaza, aliyense maso pa kompyuta, bambo wina wa ku Congo akuwaphunzitsa kupanga mapulogalamu a pafoni, amene achinyamata amangoti ma apu. Ndinaima pawindo mpaka kabichi wanga anafota. Bamboyo anatuluka nandifunsa m'Chichewa chake chosakaniza ndi Chiswahili ngati ndinapitako kusukulu. Ndinati fomu folo ndinamaliza. Anati ndilowe.

Kuyambira pamenepo masiku atatu pa sabata ndinkakhala ku Dzaleka, anayi ku Dzoole. Munda unayamba kundidziwa ngati mlendo. Nazale ya fodya chaka chimenecho sindinafese n'komwe.

Apu imene ndinapanga inali ya alimi a mtedza. Munthu ukatsegula umaona zithunzi za masamba odwala, kadukutu, mtedza wogwidwa chuku, ndipo ukadina chithunzi, mawu a Chichewa amakuuza chimene chavuta ndi chochita. Ndinafuna mawu osati zolemba, chifukwa amene amalima mtedza kwathu ndi amayi, ambiri a iwo kuwerenga n'kovuta. Mawuwo anali a mkazi wanga. Tinkajambulira m'chigafa chathu chopanda fodya masana anthu atapita kudimba, tambala akalira n'kuyambiranso, iye kuseka mpaka misozi. Ankati, "Bambo a mwana, ndiye ndikhala wa pawailesi ine?" Pamudzi ponse ndi iye yekha amene sanandifunsepo kuti zimenezi zidzatipatsa chiyani.

Wondifunsa anali amalume ake, mwini mbumba. Si munthu waukali ayi. Amakonza njinga pansi pa mtengo wa mango patiledingi, nthabwala zili pakamwa tsiku lonse. Ndikamadutsa ankakuwa kuti, "Akamwini! Kompyuta ija yabereka, kapena ikadali ndi bere?" Anthu n'kufa nazo. Inenso ndinkaseka nawo mokakamiza.

Tsiku lina mu Seputembala sanaseke. Anandiitana, anandikhazika pa chitsa, iwo akumata chubu. Anati achemwali awo, kutanthauza apongozi anga, adandaula kokwanira. Minda ya anzanga yonse yasosedwa, wanga uli ndi mapesi a chaka chatha.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, akamwini, wapachala ngwamphepo," anatero. "Ine ndakhala ndikukuyankhulirani. Koma mvula yoyamba ikamagwa tidzaone chooneka. Chinthu chanucho chikhale pamsika umene mumanenawo, anthu achione ndi maso. Zikapanda kutero, pakamwa panga padzakhala patatha mawu."

Ndinamva bwino lomwe. Mkamwini amene mwini mbumba wasiya kumuyankhulira ndiye kuti katundu wake ali kale pakhomo.

Msika umene ndinkanenawo uli pa intaneti, ndi kumene foni iliyonse imakatenga ma apu. Eni ake ali kutsidya kwa nyanja, suwaona, sungawagwadire, sungawafotokozere kuti kwanu kwagwa zovuta. Umangodzaza mafomu, iwo n'kumakuyankha ndi makalata opanda moni. Mphunzitsi wanga wa ku Congo uja anandithandiza kulembetsa, ndipo tinakweza apu yanga bwinobwino. Kenako panatuluka lamulo la obwera kumene: apu isanaikidwe poyera, anthu khumi ndi awiri aiyese kwa masiku khumi ndi anayi osadukiza. Aliyense alembedwe imelo yake, adine linki, avomere, aitenge apuyo kudzera pamsika pomwepo. Msikawo umawerenga okhawo amene alowera pakhomo pake.

Mphunzitsiyo anati, "Bwana, apa palibe shida, palibe vuto. M'kalasi muno tilipo ambiri, mawa lomwe tiyamba."

Ine ndinakana. Kunyada, abale, kunyada! Ndinafuna kuti akhale anthu a ku Dzoole, omwe aja ankaseka pansi pa mango. Ndinafuna apongozi amve mawu a mwana wawo akutuluka m'foni ya mnansi, adziwe kuti mkamwini wawo sankapita ku Dzaleka kukamwa tiyi. Mphunzitsiyo anangokweza mapewa.

Kupeza foni za tachi khumi ndi ziwiri kunali kosavuta kwenikweni, zilipo m'midzimu masiku ano. Koma imelo! Ukamufunsa munthu imelo yake amakuyang'ana ngati wamufunsa tsiku limene anamera mano. Onse anatsegulitsidwa ndi wogulitsa foni ku Mponela, mwini wake sadziwa n'komwe kuti ali nayo. Ndinayenda khomo ndi khomo kufufuza m'mafoni mwawo, n'kumakopera papepala. Ndiyeno netiweki. Kwathu kuja imagwira bwino pamalo amodzi, pachulu cha kuseri kwa tchalitchi. Tsiku loyamba ndinakwera pachulupo ndi foni zitatu, yanga, ya mlamu wanga ndi ya aphunzitsi ena a kupulayimale. Dzuwa linatipsereza, apu ikutsika pang'onopang'ono ngati madzi a pachitsime cha mu Okutobala. Pofika madzulo zitatuzo zinatheka.

Mkazi wanga ataona mmene ndinabwerera anati, "Bambo a mwana, inu pitani kumunda. Amayi akuoneni ndi khasu masabata awiriwa, mitima itsike. Otsalawo ndisiyireni ine."

Anali ndi nzeru kuposa ine pa nkhani za kwawo. Ndinamupatsa pepala la maina, ndinamuonetsa kudina linki, kuvomera, kudikira. Ndinamuonetsa kawiri, iye n'kubwereza osalakwitsa. Chimene sindinamuuze ndi chifukwa chake. Sindinanene kuti msikawo umawerenga anthu pakhomo, kuti wolowera kwina saoneka. Ndinkaona ngati n'zodziwikiratu. Zinali zodziwikiratu kwa ine amene ndinakhala chaka pa benchi ku Dzaleka.

Masabata awiri amenewo ndi amene ndinasangalala kwambiri pa ukamwini wanga wonse, ndipo ndikawakumbukira mtima umandiwawa. Ndinkalawirira kumunda, kusosa, kuunga mizere, manja anachita matuza ngati a mwana wa m'tauni. Ndikamabwerera ndinkamva mawu a mkazi wanga akuchokera pakhonde la eni, akufotokoza za chuku. Kumjigo amayi ankaitsegula n'kumamuseka kuti watchuka. Amalume anandiimitsa patiledingi, foni ili m'manja, nati, "Akamwini, yabereka ndithu, mwana wake wolongolola ngati amake." Tsiku lina apongozi anatumiza mwana wathu wamkazi kumunda ndi chigubu cha thobwa. Zaka zisanu ndi zitatu, chinali choyamba.

Tsiku lachitatu ndinakwerapo pachulu paja kuti ndione tsamba langa la kumsika. Linati oyesa alipo atatu. Ndinadabwa pang'ono, koma ndinadziuza kuti awa ndi a muofesi, amachedwa kulemba monga amachitira a muofesi kulikonse. Anthu ndinali kuwaona ndi maso anga ali nayo apu, nanga ndikhulupirire chiyani, maso kapena nambala? Sindinakwerenso. Ndinkati ndikusunga bandulo. Zoona zake n'zakuti zinthu zinali kukoma ndipo sindinafune kuona chondisokoneza.

Atakwana masiku aja ndinapalasa njinga kupita ku Dzaleka, mitambo itayamba kale kusonkhana kumapiri a Dowa. Ndinalowa m'kalasi ngati munthu wobwera ndi nyama. Mphunzitsi anatsegula laputopu, tinalowa patsamba lija. Atatu. Batani lopemphera kuti apu ituluke linali lotuwa, losadinika.

"Bwana, anthu ako ali kuti?"

Ndinati alipo, opitirira khumi ndi awiri, ndawaona ndekha. Anandifunsa mofatsa kuti anaitenga bwanji. Ndinatuluka panja n'kuimbira mkazi wanga.

Anayankha mosangalala, ndinkachita kumva kuti akumwetulira. Anati tsiku loyamba anapita pachulu ndi amayi awiri, koma zinkachedwa, ndipo mmodzi bandulo inamuthera pakati, anayamba kudandaula. Ndiye mayi amene amatchajitsa foni ndi sola patiledingi anamuonetsa njira yachidule, yomwe anthu amapatsirana nyimbo za kwaya ndi mavidiyo a ukwati: kugundanitsa foni ziwiri, chinthu n'kusamuka chokha popanda netiweki.

"Palibe ndi mmodzi yemwe amene waononga bandulo, bambo a mwana. Ndipo si khumi ndi awiri okha ayi, afika makumi atatu. Ena achokera kutsidya kwa dambo kudzaitenga."

Ndi mmene zinthu zimayendera kwathu, ndipo ine ndinkadziwa. Palibe amene amatsitsa yekha kanthu pa intaneti mnzake ali nako kale. Mmodzi akapeza, ena onse amakapala ngati moto kwa mnansi. Ndani angagule machesi khomo loyandikana nalo utsi ukufuka? Nyimbo zonse za m'foni yanga ndinazipeza choncho. Koma msika uja sudziwa zopalana moto. Kwa iwo anthu makumi atatu aja kunalibe.

Mphunzitsi anati tisataye mtima, tiyambirenso ndi a m'kalasi, ndi masabata awiri okha. Masabata awiri! Ndinamulozera mitambo kumwamba. Sindinatsanzike n'komwe, ndinangokwera njinga.

Mvula inandipeza nditangodutsa Mponela. Yoyamba, ya madontho akuluakulu, fungo la dothi lili fuu. Anthu m'njira ankakuwa mokondwa, ana akuvina m'matope, ine ndikupalasa ngati wopenga. Njira yonse ndinkangoyankhula ndekha. Ndikanakhala munthu wanzeru ndikanaima pa golosale ina n'kudikira kuti mvula ikate, mtima nawo uzizire. Koma ine mtima wanga ndi wapachala, amayi anga ankandiuza kuyambira ndili mwana kuti pakamwa panga padzandisowetsa pogona.

Ndinafika chakumadzulo, dzuwa litatulukanso. Amayi a pamudzi anali pakhonde la apongozi, akuswa mtedza wa mbewu kukonzekera kudzala mawa lake. Mkazi wanga anali pakati pawo, lichero pamiyendo. Muyenera kumvetsa kuti pa zaka zonsezo sindinaimepo pakhonde limenelo. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi amapewana, mukakumana panjira wina amapatukira kutchire, nkhani zimadutsa mwa ana. Tsiku limenelo ndinagwetsa njinga pabwalo n'kuyenda molunjika, madzi akuchucha m'malaya.

Mkazi wanga anadzuka akumwetulira, nati, "Yatuluka?"

"Ndinakuuza chiyani iwe?" Ndinamutchula iwe, pamaso pa amayi ake. "Ndinakuuza kuti udine linki! Mbuli iwe! Chaka chathunthu wandiphera chifukwa choumira kabandulo! Ndinalakwa kukwatira m'mudzi wa mbuli zokhazokha, anthu ongodziwa kupemphana!"

Ndinanenanso zina zimene sindingathe kuzilemba. Apongozi anakoka chitenje n'kuphimba kumaso, anadzuka pang'onopang'ono nalowa m'nyumba. Amayi ena aja anayamba kutola malichero awo. Mkazi wanga sanalire. Anakhalanso pansi, anatola mtedza umodzi, anauswa, kenako anati chapansipansi, "Ine ndimati ndikuthandiza."

Mkwiyo unandithera pomwepo ngati wathiridwa madzi, koma madzi akatayika saoleka.

Ankhoswe anakumana patapita masiku atatu. Wa kwathu anachokera ku Ntchisi pa kabaza, msewu utayamba kale kuterera, ndipo atamva zimene ndinanena anangogwira pakamwa. Ndinagwada, ndinapepesa, ndinati ndilipire mbuzi. Mkazi wanga anakhala chozolika. Otsiriza kuyankhula anali amalume aja, ndipo mawu awo ndi amene amandidya mpaka lero.

"Akamwini, za foni zija ife sitikanakuthamangitsirani ayi. Mizere munaunga yabwino, tonse tinaona. Chinthu chanucho anthu achikonda, chili m'foni mwathu, kaya pamsika chafika kaya sichinafike ife sitikudziwa kusiyana kwake. Ine ndinali nditawauza kale achemwali kuti nkhani ija yatha, akamwini akhale. Ndimadikira mubwere kuti ndikuuzeni."

Kenako anapitiriza.

"Koma mkamwini asamakule mwendo. Mwatukwana mwana wathu pakhonde la amayi ake, mwatukwana mudzi umene wakudyetsani. Mukapume kaye kwanu."

Mukapume kaye. Aliyense amene analipo anadziwa tanthauzo lake. Ndinanyamula zovala, laputopu yobwereka ku Dzaleka ndi njinga. Khasu ndinalisiya, linali lawo. Ana anali kusukulu, sindinawatsanzike.

Ku Ntchisi ndinafikira m'kanyumba ka mng'ono wanga amene ali ku Joni. Munthu wa zaka makumi atatu ndi zisanu kubwerera kwa amake ndi chikwama chimodzi, kumayambiriro kwa dzinja, wopanda munda wodzala. Anthu sankafunsa, ndipo kusafunsako kunkapweteka kuposa kufunsa. Masiku ambiri ndinkangokhala pakhonde kuyang'ana nkhungu ikutsika m'phiri. Ndinaimba foni ku Dzoole kangapo, inkangoitana.

Apu ija ndinaisiya. Amene sanaisiye ndi mphunzitsi wanga. Analemba maimelo a ophunzira ake, onse anadina linki tsiku limodzi ali m'kalasi momwemo, pasanathe ndi ola lomwe. Anadikira masabata awiri, anandiimbira kuti ndibwere ndidzayankhe mafunso otsala. Ndinapita mokakamizika. Mu Januwale kalata yopanda moni ija inabwera, yonena kuti apu yavomerezedwa. M'kalasi anaomba m'manja, wina anandinyamula. Ndinatsegula msika pafoni yanga, ndinalemba dzina la apuyo, inatuluka, kachithunzi ka tsamba la mtedza kali pakati pa ma apu a dziko lonse. Ndinadikira kuti ndimve chimwemwe. Sichinabwere. Ndinangoona kuti chinthu chimene chinandithera banja chinali chotheka pa ola limodzi.

Komabe ndinadzinamiza. Ndinati ndikapita nayo ku Dzoole, akaiona ili pamsika, mwina mitima idzafewa. Ndinadikira tsiku lopanda mvula, ndinagula sopo ndi shuga, ndinapalasa. Msewu unali utadukaduka, malo ena ndinkanyamula njinga paphewa. Ndikulowa m'mudzi ndinadutsa pamunda uja. Mtedza unali utamera bwino pamizere yanga, wopaliridwa kale.

Mkazi wanga anali pabwalo akuyanika zovala. Atandiona sanathawe, sanakwiye. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi mphasa, naiyala panja pansi pa mtengo. Osati pakhonde, pansi pa mtengo. Ndinakhala. Iye anagwada chapatali, anaomba m'manja mwaulemu.

"Mwayenda bwanji? Kunyumba mwasiya ali bwanji amayi?"

Ndinayankha. Anaitana ana kuti adzapereke moni. Anabwera onse awiri, anagwada, anandigwira dzanja mmodzimmodzi ngati mmene tinkawaphunzitsira kuchitira anthu odutsa, kenako wamkuluyo anatumidwa kukatunga madzi akumwa. Anabweretsa m'kapu yagalasi, ija tinkasungira alendo.

Chitseko cha nyumba chinali chotsekula. Ndinkaona mpando wanga mkati, pamalo pomwe paja. Palibe amene anati ndilowe.

Ndinatulutsa foni, ndinati, "Mayi a mwana, yatuluka. Ili pamsika tsopano. Taonani."

Anasendera pang'ono, anayang'ana osaigwira. Anayang'anitsitsa ndithu, sanachite mwachipongwe.

"Zikomo, taona. Mwachita bwino."

Ndinayamba kupepesanso, mawu akutuluka mosokonekera, koma iye anali atayang'ana kale kumwamba, kumene mitambo inali kudetsa mbali ya ku Dowa.

"Mubwerera lero lomwe, eti? Musachedwe, mtsinje uja ukumadzaza masana."